Mlandu wa Ciponde

Owerenga athu, mwezi uno tadza ndi mlandu, ndipo tikupemphani mukhale nafe pabwalo tiuweruze pamodzi. Si mlandu wa ng'ombe kapena wa malire a munda iai, koma wa kanthu kakang'ono kokwana m'dzanja la mwana. Cinkana kanthuko kali kocepa cotero, akuru a zipatala ndi a mabungwe othandiza anthu akhala alikuusinkha mlanduwu zaka zoposa 20, ndipo ife sitiyesa kuti anautha.

Mlanduwo uli cotere. Tiyerekeze mudzi wina mwezi wa February, nkhokwe zitayera, cimanga ca m'munda cisanakhwime. M'mudzimo muli mai wa ana asanu, amene mwamuna wace anamuka ku Johannesburg kukafuna nchito, ndipo kufikira lero sanatumize kanthu. Mwana wace wotsiriza, wa caka cimodzi ndi theka, waonda, tsitsi lafiira, kuseka analeka. Mai wina wa m'mudzi momwemo, wodzipereka m'gulu la amai oyendera mabanja, amuyesa mkono ndi kalamba, naona kuti kafika pofiira, naperekeza mwana ndi amace ku sikelo. Kumeneko a zaumoyo apereka mapaketi a ciponde okwanira sabata yathunthu, nanena mau amene auza munthu ali yense: kuti ciponde ndi mankhwala, nca mwana wodwalayo yekha, asagawireko wina. Tsiku lacinai wodzipereka uja adza kudzazonda mwana, napeza mapaketi onse atatha, ana onse asanu ali ndi mafuta pa milomo. M'mawa mwace ayenera kukapereka lipoti ku cipatala. Akanene ciani?

Tisanayankhe, tiyambe taona umo ciponde cinafikira m'manja mwa mai ameneyu, pakuti wosadziwa ciyambi ca mlandu aweruza mokhota.

Kale mwana wonyenchera kwambiri analibe njira yina koma kugonekedwa m'cipatala. Kumeneko ankamwetsedwa mkaka wokonzedwa mwapadera, usana ndi usiku, pafupifupi mwezi wathunthu, amace ali pambali pace. Mkakawo unali wabwino, koma unafuna madzi oyera ndi namwino wousungunula pa nthawi yace, ndipo ukakhalitsa pang'ono unkaonongeka. Cifukwa cace sukadatha kupita kumudzi. Tsono taganizani mai wocoka pakhomo pace masiku 30 nyengo ya kupalira, kusiya ana ena ndi munda. Ambiri sanapite konse, ena anapita mwana atatsala pang'ono kutsirizika, enanso anathawa usiku mankhwala asanathe. Ndipo m'zipinda zodzazazo ana ofooka ankapatsirana matenda, kotero kuti m'zipatala zambiri za m'maiko osauka ana 20 kapena 30 mwa 100 ogonekedwa ndi nthenda iyi ankamwalira komweko. Pamenepo kunali kwapafupi kunena kuti amai a kumidzi ngosasamala. Koma amaiwo anali atawerengera bwino lomwe, naona kuti kupulumutsa mmodzi kukhoza kutayitsa anai.

Caka ca 1996 dotolo wa ku France, André Briend, pamodzi ndi Michel Lescanne wa kampani ya Nutriset, anapeza njira yoika mphamvu ya mkaka uja m'nsawa zosinja, nasanganizamo mkaka wa ufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi micere yofunika m'thupi. Popeza m'menemo mulibe madzi, tizirombo sitiswana, ndipo cikhala miyezi osaonongeka. Sicifuna moto, mwana angoyamwa m'paketi momwemo. Ife kuno tinacipatsa dzina la cakudya cathu cakale, ciponde. Caka ca 2001 dotolo wa ana, Mark Manary, anaciyesa ku Blantyre pa ana oturuka m'cipatala ca Queen Elizabeth, kuti akatsirize kucira kwao. Ndipo mu 2002, caka ca njala ija imene President Bakili Muluzi analengeza m'February kuti dziko liri pa tsoka, mabungwe a Concern Worldwide ndi Valid International, pogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, anayamba ku Dowa mcitidwe wociritsira ana onyenchera m'midzi mwao. Boma linaulandira mu 2006 kuti ukhale wa dziko lonse, ndipo mu 2007 WHO, UNICEF ndi mabungwe anzao a United Nations anaubvomereza kwa maiko onse, nati ana pafupifupi 8 mwa 10 otere, akapezeka msanga, angathe kucira pakhomo osagonekedwa.

Koma penyani cimene cinatsata. Pocotsa mwana pa kama wa cipatala, anamcotsanso pamaso pa namwino. Ndani tsono adzapeza mwana wodwala m'nyumba ya kuseri kwa phiri? Ndani adzaona ngati alikudya, ngati watsegula m'mimba, ngati amace aleka kudza ku sikelo? Boma liri nao alangizi ace a zaumoyo, ndipo linapangana kuti mmodzi aziyang'anira anthu 1,000. Koma ngakhale kumene ciwerengeroco cakwana, munthu mmodzi sangalowe m'nyumba zonse sabata iri yonse. Cotero cipatala cinayenera kubwereka miyendo ndi maso a eni mudzi: magulu a amai a m'mipingo, makomiti osamala ana amasiye ndi odwalira kunyumba amene anacuruka m'zaka za mliri wa Edzi, ndi magulu aja a amai oyendera anzao, mai mmodzi nyumba 10 kapena 15, mcitidwe umene bungwe la World Relief linayamba m'cigawo ca Gaza ku Mozambique mu 1995, nufikanso kuno pambuyo pace.

Nchito yao njosabvuta kuinena. Akulunga kalamba pa mkono wa mwana wa miyezi 6 kufikira zaka 5, pakati pa phewa ndi cigongono; kakasonyeza kucepera masentimita 11.5, pamene pali pofiira, mwanayo ali pa ngozi. Asindikiza cala pa mapazi onse awiri, ndipo pakatsala dzenje adziwa kuti thupi latupikana. Izi munthu aziphunzira tsiku limodzi. Koma pali cina cimene saphunzitsa pa maphunziro, ndico cimene cipatala cisowa koposa. Mwa ife mwana akatupa mapazi ndi nkhope, akuru ena amati ndi tsempho kapena mdulo, ndiko kunena kuti atate wace kapena amace sanasunge mwambo wa m'nyumba. Tsono banja limbisa mwanayo, pakuti kumturutsa ndiko kuulula manyazi a makolo. Namwino wocokera kutali sadziwa cifukwa cace mwana wafika mocedwa. Mnansi adziwa, adziwanso gogo woyenera kuyamba kulankhula naye, ndi mau amene angatsegule citseko osanyoza mwini nyumba. Citseko cimeneco cimtsegukira cifukwa ali mnzao wotunga nao pa citsime cimodzi, wolira nao maliro amodzi. Sungani mau amenewa, abale, pakuti mlandu wonse watsamira pomwepa.

Tsopano timve mbali ya cipatala, ndipo tiimve bwino, pakuti si ya anthu ouma mtima. Paketi imodzi ilemera magalamu 92, ndipo muli mphamvu ya makalori 500. Mwana apatsidwa monga mwa kulemera kwa thupi lace, ndipo katoni imodzi ya mapaketi 150 ikwanira kuciritsa mwana mmodzi pa masabata 6 kufikira 8. Muyeso umenewu ukagawidwa pasanu, ana anai aja alawa zokoma masiku atatu, njala nkubweranso. Koma wodwalayo saona phindu, ndipo ndiye yekha amene imfa yaima pakhomo pace. Anai aja ali ndi njala, uyu alikufa, ndipo zinthu ziwirizi sizifanana. Madotolo sananene izi mongoganiza. Pa kuyesa kuja kwa ku Blantyre ana ena anapatsidwa ciponde cokwanira, ena ca pang'ono congoonjezera pa zakudya za pakhomo, enanso ufa wa cimanga ndi soya wokwanira banja lonse. Mwa odya ciponde cokwanira, 95 mwa 100 anafika pa muyeso wofunika. Mwa magulu awiri enawo, 78 okha. Cotero ngakhale thumba la ufa la banja lonse silinalowe m'malo mwa kapaketi ka mwana mmodzi. Onjezanipo kuti katoni yotayika pano ikadaciritsa mwana wina kumudzi wina, amene amace adzauzidwa kuti ciponde catha. Wocha cinthuci mankhwala sananame.

Nanga mai uja tidzamucha mbala? Ife tikana. Mbala itenga ca mwini kuti idzipindulire yokha. Mai uyu kapena sanalaweko nkomwe. Iye anakula m'mwambo umene ana adyera m'mbale imodzi, ndipo coipa cacikuru ca pakhomo ndico kumana. Tonsefe tinaphunzitsidwa tiri ana kuti ukapatsidwa mbatata unyemereko mnzako, ndipo mai wopatsa mwana mmodzi namana wina amnena m'mudzi monse kuti ngwa tsankho. Lero munthu wobvala zoyera amuuza kuti akhale pansi, atsegule cakudya ca pfungo lokoma, adyetse mmodzi kangapo pa tsiku, pamene wa zaka zitatu waima pomwepo alikupenya, atagona ndi madzi okha dzulo lace. Amene analemba lamulolo analilemba atadya. Sitinena izi powanyoza. Tingoti lamulo liri lopepuka pa pepala, koma lilemera pa mutu wa wolisenza. Ndiponso mai uja si wopusa pa kuwerengera: adziwa kuti wa zaka zitatu akapitirira cotere, mwezi wa mawa kalamba kadzafiira pa mkono wacenso. Ngakhale iye wogulitsa paketi pa msika kuti agule ufa wa nsima ya ana onse, kulakwa kwace nkwa mtundu womwewo. Ameneyu tisamuike m'gulu limodzi ndi wanchito wakuba makatoni m'cipinda cosungira mankhwala, kapena wamalonda wogula ciponde ca ana nakagulitsa kwa akuru okhuta. Awo mlandu wao ngwa ku khoti, ndipo sititaya nao nthawi pano.

Komatu kumvetsa munthu sindiko kubvomereza cimene wacita. Mai uja walakwa, ndipo kulakwa kwace kukhoza kupha mwana. Tinena zonse ziwiri, ndipo sititaya cimodzi kuti cinzace citipepukire.

Tsono tafika pa iye amene mlandu wamgwera, wodzipereka uja. Akuru anati mapanga awiri abvumbwitsa, ndipo iyeyu waima pa mvula pakati pa phanga la cipatala ndi phanga la mudzi. Tinene kuti wasankha kumcitira cifundo mnansi wace, nalemba kuti mwana alikudya bwino. Sikelo siidziwa cifundo. Idzaonetsa kuti mwana sanakwere. Pamenepo namwino adzafunafuna cifukwa kumene kulibe, adzaganizira cifuwa cacikuru kapena kacirombo ka HIV, masabata nkumapita, mwana nkumafookerafookera, pamene cifukwa ceni ceni ciri m'mphika wopanda kanthu. Ndiponso buku lolembedwamo bodza limodzi lataya mphamvu yace yonse, pakuti palibe adziwa tsamba loona ndi lonama. Tinene tsono kuti wasankha kuulula, nati mai uja wagawa ciponde. Ngati yankho la cipatala ndilo kumkalipira mai pa mzere pamaso pa anzace, kapena kumuopsa kuti dzina la mwana lidzafafanizidwa m'kaundula, maiyo sadzasowa kudziwa amene wamnenera. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse udzamva kuti uje ndi kazitape wa cipatala. Zitseko zidzatsekeka, ana otupa adzabisidwanso, ndipo cipatala cidzakhala citatentha cinthu comwe cija cinadzabwereka.

Ciweruzo cathu ndi ici. Wodzipereka asanene bodza, ngakhale la cifundo. Koma afunse bwino kuti coonadi cimene anyamula ndi citi. Kunena kuti mai wagawa ciponde ndi theka la coonadi, ndipo theka lotere livulaza monga bodza. Coonadi cathunthu ndico cakuti m'nyumba muja mulibe ufa kuyambira Lolemba, muli ana asanu, ndipo mwamuna kulibe. Ndiponso asanyamule mauwo mobisa. Ayambe wakhala pa mphasa ndi mwini wace, nanene monga mnansi: "Amai anzanga, ndaona cimene cacitika, ndipo sindikudzudzulani, inenso ndine wobereka. Koma mwanayu akapanda kudya yekha titaya munthu. Mawa ndikanena ku cipatala, osati kuti mwaba iai, koma kuti pakhomo pano palibe cakudya. Tiyeni tipitire limodzi, mukamve ndi makutu anu cimene ndidzanena." Wocita cotero sanapereke mnzace, pakuti wopereka mnzace acita kumbali, ndipo sananamize cipatala.

Koma apa mlandu utembenuka, nuloza kwa amene sanayembekeze kuitanidwa. Wofunsa coonadi ca m'nyumba ya mwini ayenera kukhala naco coyankha. Cipatala kapena bungwe lotuma munthu kukasuzumira m'miphika ya osauka, koma lopanda kanthu kocita ndi zimene adzapeza, koma kudzudzula kokha, lamsandutsa munthuyo diso lopanda dzanja. Ndipo diso lotere m'mudzi sitilikonda. Masiku ano mau akuti cigwirizano amveka pa msonkhano uli wonse, nalembedwa pa zikwangwani za m'mbali mwa mseu. Koma cigwirizano nciani? Anthu awiri osenza mtanda wa denga agwirizana, pakuti wakumbuyo akati taima, wakutsogolo aima. Pamene malangizo okha atsika kucokera ku ofesi, ndipo manambala okha akwera kucokera kumudzi, pamenepo pali bwana ndi wanchito, dzina lace likhale lokoma bwanji. Muyeso wace ngwapafupi: funsani a bungwe liri lonse akuuzeni cinthu cimodzi cimene anasintha cifukwa amai a m'gulu la kumudzi ananena. Akasowa coyankha mwadziwa. Ndipo asacite nako manyazi kumvera, pakuti mcitidwe wonsewu wa ciponde unabadwa pamene madotolo ena analeka kukalipira amai othawa m'zipatala, nayamba kufunsa cimene alikuthawira.

Si kuti cinthuci sicitheka. M'malo ena, pa nyengo ya njala, oyendetsa nchito anaonjezera ufa wa phala wa banja pambali pa ciponde, kuti abale ace a wodwala akhale ndi cao, ciponde citsalire mwini wace. Ku Neno, kumene bungwe la Partners In Health, lochedwa kuno Abwenzi Pa Za Umoyo, linayamba kugwira nchito pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo mu 2007, anaika pambali pa mankhwala thandizo la cakudya, la nyumba ndi la sukulu kwa mabanja osaukitsitsa, poona kuti wodwala wobwerera ku nyumba yodontha ndi mphika wouma adzabweranso ku cipatala. Boma nalo liri ndi Mtukula Pakhomo, amene anayamba ku Mchinji mu 2006 nafika m'maboma onse 28 pofika 2018. Koma ameneyu anaikidwira mabanja osaukitsitsa amene alibenso munthu wa mphamvu zogwirira nchito, ngati banja limodzi mwa 10. Ndipo osauka ambiri a manja olimba, odya za ganyu, atsala kunja. Cifukwa cace sikukwanira kuti mathandizo alipo. Pafunika munthu wodziwa zitseko zonse, wa zaumoyo, wa zosamalira anthu, wa mfumu, wa mpingo, amene angatenge banja limodzi nalo kuyenda kufikira cina catseguka. Kawiri kawiri munthu ameneyo ndi wodzipereka yemwe uja, ndipo ayenda pansi.

Ici citifikitsa pa funso limene ambiri alizemba. Kodi nkoyenera kuti nchito yonseyi igwiridwe kwaulere? Pali abale oona mtima amene amati malipiro apha cikondi. Kuti mai woyendera anzace cifukwa ca ndalama adzaleka tsiku lomwelo ndalama zikaleka, ndipo kuzonda odwala kumene makolo athu ankacita mosauzidwa kudzasanduka malonda. Mau awa ali ndi mbali yoona, ndipo taona magulu omera ngati bowa pomva kuti kwadza bungwe, mudzi wonse nkudziwa kuti olembedwamo ndi abale a mfumu. Koma tifunse ndani amene auzidwa kuti akhute ndi cikondi. Dotolo alipidwa, namwino alipidwa, woyendetsa galimoto alipidwa, ndipo akuru a nchito akakasonkhana ku nyanja kukambirana za umphawi alandira ndi alawansi yomwe; palibe anena kuti cikondi cao cafa. Wotsiriza yekha pa mzerewo, amene ali wosauka koposa onse, kawiri kawiri mkazi, amene tsiku loyendera nyumba 15 ndilo tsiku losapalira munda wace, ndiye apatsidwa nsaru yolembedwa dzina la bungwe nauzidwa za ubwino wa kudzipereka. Kuzonda mnansi mwa kufuna kwako ndi cikondi, ndipo cimeneco cisagulidwe. Koma kuyenda pa masiku oikika, kulemba m'kaundula, kupereka lipoti kwa woyang'anira, kudzudzulidwa likacedwa, imeneyo ndi nchito. Ndipo amene aika masikuwo ndi kufuna lipotilo ali ndi mangawa. WHO inanenanso comweco mu 2018, polangiza maiko kuti anchito a zaumoyo a m'midzi azilipidwa molingana ndi nchito yao, ndipo ku Neno kuja anayamba kale kuwapatsa kanthu mwezi ndi mwezi.

Tidziwa kuti wina adzati ndalamazo zicokera kuti. Ndipo funsolo lakula mphamvu kuyambira January 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lace la kumaiko akunja, nilitseka bungwe lace la USAID m'July caka comweco. Nchito zambiri za zaumoyo kuno ndi kwa anansi athu zinagwedezeka, ndipo anthu ambiri olembedwa ndi mabungwe anabwerera kunyumba. Mlendo ndi mame, anatero akuru. Sitinena izi posayamika, pakuti mame amenewo anasunga miyoyo yambiri. Koma mame atakamuka panaoneka amene atsala: cipatala ca boma, ca mishoni, mlangizi wa zaumoyo, ndi amai aja a m'gulu, okhala m'mudzi momwe anali. Kumene bungwe linapeza gulu liri ndi moyo wace, nililimbitsa, gululo liri ndi poimira; kumene linalenga gulu lace lace la kungodzaza mapepala, pamenepo patsala cikwangwani. Cotero amene akhalitsa ndiye ayenera kuyesedwa mwini nchito kuyambira tsiku loyamba, nakhale pa mpando pamene zinthu zirikupanganidwa, osati kuitanidwa kudzabvina tsiku lotsegulira.

Tisaleke osawauza amai a m'magulu mau ao aonso. Cimene mwaona m'nyumba ya mnzanu si ndiwo za pa mtondo kapena pa citsime. Mudzi ukhululukira wodzipereka wosadziwa kulemba, koma sukhululukira wa pakamwa. Ndipo banja limodzi lonenedwa litseketsa zitseko khumi.

Tibwerere tsono kwa ana asanu aja, pakuti kutheka ndithu kuti m'mawa muja amai awiriwo adzafika ku cipatala, nanena zonse, namwino namva ndi mtima wabwino, koma alibe cina copereka koma ciponde comweco ca sabata yina. Pamenepo mlandu ubwerera kumudzi. Pali zocita, cinkana nzazing'ono. Wodwalayo angadyetsedwe pa khonde la mnansi pamene abale ace ali kosewera, kuti maso a wa zaka zitatu asalase mtima wa amace. Ngati m'mudzimo muli sukulu ya mkombaphala, ang'ono awiri alembedwe kumeneko. Mfumu iuzidwe, kuti dzina la banjalo lisaiwalike tsiku lolemba olandira cimanga. Ndipo amai a m'gulu angasonkhe ufa, yense kapu imodzi, monga acita pa maliro. Pakuti nzodabwitsa kuti ufa wa pa maliro susowa, koma wa masabata anai asanafike maliro ndiwo ubvuta. Tidziwa kuti ena a iwo nkhokwe zao zinayera mu December, ndipo kapu imeneyo icoka pakamwa pa ana ao. Cimanga caciwisi cidzayamba kudyedwa m'March.

Madzulo ace wodzipereka uja adzakhala pansi ndi pepala lace la lipoti. Pali malo olembapo dzina la mwana, muyeso wa mkono, ndi mapaketi amene analandira. Malo olembapo kuti m'nyumbamo mulibe ufa palibe. Adzalemba m'mphepete, ndi zilembo zazing'ono, napereka pepalalo kwa mlangizi wa zaumoyo tsiku la sikelo.